Imitate kapena emulate? Kuthetsa chisokonezo cha aneni awiriwa

Pali cholakwa china cha Chingerezi chomwe sichitha. Chimapezeka m'zimangirizo za ana a Fomu 3 ndi Fomu 4, m'makalata opemphera malo a sukulu, ngakhalenso m'mawu a akuluakulu pa maliro ndi pa misonkhano. Mwana akufuna kunena kuti amasirira amalume ake omwe ndi dokotala ndipo akufuna adzakhale ngati iwo, koma walemba kuti "I want to imitate my uncle." Wina akufotokoza za mnyamata amene amayankhula ngati aphunzitsi ake kuti anzake aseke, ndiye walemba kuti "The boy emulated the teacher's voice and the class laughed."

Ziganizo ziwirizi zilibe vuto la galamala, ndipo kompyuta siingazitseke mzere wofiira chifukwa kalembedwe ka mawu onse ndi kolondola. Ichi n'chifukwa chake vutoli limakhalitsa. Wowerenga amene Chingerezi amachidziwa bwino amamva chinthu china osati chomwe mumafuna. Pa chiganizo choyamba akuona mwana akuyenda ngati amalume ake, kutsokomola ngati iwo, kupachika magalasi pamphuno ngati iwo. Pa chachiwiri akuona mnyamata amene amasirira mawu a aphunzitsi ake ndipo akuyesetsa kuti nayenso adzakhale ndi mawu okoma choncho, ndiye sakumvetsa chomwe kalasi ikusekera. Aneniwo asinthana malo.

Komwe vutoli limachokera

Gwero loyamba ndi Chichewa chathu chomwechi, ndipo si mlandu wake. Ife timati "mwana akutsanzira kayendedwe ka agogo ake," timatinso "tsanzirani khalidwe la mayi awa." Mneni ndi mmodzi, ndipo palibe Mchewa amene amasokonezeka, chifukwa nkhani yomwe ikukambidwa imatiuza ngati ndi kutsanzira kwa masewera kapena kwa ulemu. Chingerezi chinagawa ntchito imeneyi kwa aneni angapo. Mukaganiza m'Chichewa n'kumafuna mawu amodzi olowa m'malo mwa "kutsanzira," mumangotola omwe abwera msanga m'mutu.

Gwero lachiwiri ndi mtanthauziramawu wang'ono wa m'thumba, kapena pulogalamu yomasulira ya pafoni, zomwe zimaika mawu awiriwa pamzere umodzi ngati ndi mapasa.

Lachitatu, lomwe ine ndimaliona kuti ndi lalikulu, ndi maganizo oti emulate ndi imitate yemweyo koma wovala jekete. Timamumva pawailesi ndi m'manyuzipepala pafupifupi tsiku lililonse: kampani yapereka zinthu kuchipatala, ndipo mlendo wolemekezeka "urged other companies to emulate the gesture." Mwana wasukulu akamva mawuwa m'kamwa mwa nduna ndi mabwana amaganiza kuti ndi Chingerezi chapamwamba, ndiye amawaika paliponse pomwe pakufunika kutsanzira, poganiza kuti wochonga mayeso amuwonjezera malikisi. Mawu aakulu oikidwa pamalo olakwika amadyetsa malikisi kuposa mawu wamba oikidwa pamalo pake.

Chomwe mneni aliyense amayang'ana

Imitate amayang'ana kachitidwe. Ndi kuchita chinthu monga momwe wina akuchitira: mawu ake, kayendedwe, kavalidwe, kagwiridwe ka chida, kalembedwe. Ndi chinthu chomwe mungachione ndi maso kapena kuchimva ndi makutu nthawi yomweyo. Mneniyu payekha sanena ngati chinthucho ndi chabwino kapena choipa. Khanda limaphunzira kuyankhula potsanzira amayi ake, ndipo Chingerezi chimati "babies imitate the sounds they hear." Mnyamata wophunzira ukalipentala amayamba ndi kuonera mmisiri momwe akuponderera thabwa ndi bondo, momwe akugwirira sowo, kenako n'kuchita chimodzimodzi. Ameneyonso ndi imitate. Wakuba amene akuyeserera siginecha ya bwana wake pa cheke nayenso akuchita imitate yemweyo.

Emulate amayang'ana pomwe munthu wafika. Mawuwa anachokera ku Chilatini, ku mawu akuti aemulus, kutanthauza munthu wopikisana naye. Mbiri imeneyi ikadali m'kati mwa mawuwa mpaka lero. Amene akuchita emulate waona wina wachita chinthu chachikulu, wachisirira, ndipo akulimbikira kuti afike pomwepo kapena apitirire. Njira yake ikhoza kusiyana kotheratu ndi ya munthu amene akumusirirayo.

Tengani nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene ali ndi zaka 14 anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zidutswa za njinga ndi zitsulo zotayidwa. Mwana amene watola felemu ya njinga ndi mapaipi apulasitiki, n'kuimika nsanja ya mitengo yofanana ndendende ndi ya Kamkwamba, wachita imitate. Mtsikana wa m'mudzi wina amene wamva nkhaniyi n'kunena kuti kwathu vuto si magetsi koma madzi, ndiye wayamba kuwerenga ndi kuyesayesa mpaka wapanga chopopera madzi cha mtundu wakewake, wachita emulate. Palibe chitsulo chimodzi chofanana ndi cha Kamkwamba pa chipangizo chake, koma wafika pomwe mnzakeyo anafika: wathetsa vuto la kwawo ndi nzeru zake.

Ku mpira n'chimodzimodzi. Temwa Chawinga anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America m'chaka cha 2024 akusewerera Kansas City Current, n'kusankhidwa kukhala wosewera bwino koposa. Kamtsikana kamene kagoletsa pa bwalo la fumbi n'kuthamanga kukondwerera momwe kanaonera Temwa akuchitira pa kanema, "she is imitating Temwa." Kamene kamadzuka m'mamawa kukathamanga chifukwa kakufuna nakonso kadzasewere kunja, "she hopes to emulate Temwa." Taonani kuti emulate amakonda kuyenda ndi mawu ngati hope to, try to, want to. N'chifukwa choti ndi ntchito ya nthawi yaitali, ndipo kufikako sikotsimikizika. Imitate mukhoza kumuchita panopa n'kumaliza mphindi yomweyo.

Kayesedwe kachangu musanalembe

Nenani chiganizo chanu m'Chichewa kaye, kenako onjezerani kumapeto kwake mawu akuti "kuti afike pomwe iye anafika." Ngati chikumveka bwino, mneni wanu ndi emulate. "Akutsanzira amalume ake kuti afike pomwe iwo anafika." Chamveka. Tsopano yesani china chija: "Akutsanzira mawu a aphunzitsi kuti afike pomwe iwo anafika, ndipo kalasi yonse inaseka." Sichikugwirizana. Apo ndi pa imitate, kapena mnzake wina amene tikambe kutsogoloku.

Njira ina ndi kusintha "kutsanzira" ndi "kutengera chitsanzo." Pomwe "kutengera chitsanzo" pakukhala bwino, nthawi zambiri emulate amakhalanso bwino.

Mwasankha mneni woyenera koma chiganizo chikumvekabe chopotoka

Kawirikawiri apa vuto ndi mperekezi. M'Chichewa timati "kutengera kwa bambo ake," "kuphunzira kwa aphunzitsi." Kamawu koti "kwa" timakanyamula n'kupita nako ku Chingerezi, ndiye pamatuluka "We should emulate from him" kapena "She imitated from her sister." Chotsani from. Aneni onse awiriwa ndi oyambukira, pamtherankhani amabwera pompopompo popanda mperekezi pakati: "We should emulate him." "She imitated her sister." Ngati from akukukakamirani m'mutu, ndiye kuti mneni amene mukumufuna ndi learn, chifukwa "learn from him" ndi Chingerezi chabwinobwino.

Yang'ananinso pamtherankhani wanu. Emulate amafuna munthu, kapena chinthu chomwe munthu wakwanitsa: success, achievement, record, example. Akamatsatidwa ndi voice, accent, walk kapena signature, dziwani kuti pafunika imitate.

Kodi emulate angagwire ntchito pa zinthu zoipa?

Funsoli limabwera pa zimangirizo za mutu wa achinyamata ndi makanema. Mwana amalemba kuti "The youth emulate bad behaviour from films." Pali zolakwika ziwiri apa, from uja ndi kusankha mneni. Kunena zoona, eni chiyankhulo nthawi zina amatha kunena kuti achinyamata "emulate" zigawenga za m'makanema, koma akatero akutanthauza kuti anawo amaziona zigawengazo ngati ngwazi ndipo akufuna atakhala ngati izo. Kusirira kuja kulipobe, kungoti kwalunjika kolakwika. Ngati mukungofuna kunena kuti ana amachita zomwe aona, kusuta, kutukwana, kuvala mwa mtundu wina, lembani kuti "Young people imitate the bad behaviour they see in films," kapena gwiritsani ntchito copy. Pa mayeso a MSCE musadziike pa mpanipani ndi tanthauzo la m'mphepete pomwe lapakati lilipo.

Mayina ochokera kwa aneniwa sayenda limodzi

Apa ndi pomwe kusiyana kumaonekera poyera. Imitation kawirikawiri amanunkha ubodza. "Imitation leather" ndi chikopa chonamizira, chija chimasupuka pa lamba kapena pa nsapato pakangotha miyezi ingapo. "Imitation jewellery" ndi ndolo ndi mikanda yooneka ngati golide pomwe si golide. Munthu akanena za ntchito yanu kuti ndi "a poor imitation" kapena "a pale imitation," wakunyozani, akuti mwayesa kufanizira koma zakukanikani. Emulation salowa m'malo amenewa ngakhale pang'ono, palibe chinthu chotchedwa "emulation leather." Mawu omwe mungakumane nawo ndi "worthy of emulation," kutanthauza chinthu choyenera kutengerapo chitsanzo.

Choncho pa maliro, mukafuna kunena kuti malemu anasiya chitsanzo chabwino, "a life worthy of emulation" ndiye mawu ake. Pamalo ngati amenewa ndimaona kuti kusankha bwino mawu ndi mbali ya ulemu womwe tikupereka kwa malemu ndi kwa ofedwa.

"Koma m'Baibulo ndinawerenga zina"

Anthu opemphera amene amawerenga Baibulo la Chingerezi amabwera ndi mafunso awiri, ndipo onse ndi omveka.

Loyamba: pa Aefeso 5:1 ndi pa 1 Akorinto 11:1, Mabaibulo ena a Chingerezi cha masiku ano amati "be imitators," kulimbikitsa okhulupirira kuti atsanzire Mulungu, komanso kuti atsanzire Paulo monga iye amatsanzira Khristu. Ndiye bwanji tikuti imitate ndi wa zooneka ndi zomveka zokha? Yankho ndi loti imitate ndi mneni wotambalala. Akhoza kunyamula tanthauzo laulemu, makamaka m'nkhani za chipembedzo ndi za makhalidwe, pomwe mfundo ndi kuchita monga momwe wina amachitira. Komanso taganizani: emulate ali ndi fungo la kufanana mphamvu kapena kupambana amene ukumutsanzirayo, ndipo munthu sanganene kuti akufuna kufika pomwe Mulungu ali kapena kumupitirira. Pamenepo imitate ndi amene akukhala bwino. Tanthauzo lake n'lakuti "I want to imitate my uncle" si tchimo lalikulu, koma m'Chingerezi cha tsiku ndi tsiku, pa nkhani ya ntchito ndi maphunziro, wowerenga amayamba waganiza za kayendedwe ndi kayankhulidwe.

Lachiwiri ndi lozunguza kwambiri. M'Baibulo la King James, lomwe linatuluka m'chaka cha 1611, pa Agalatiya 5:20 mawu akuti "emulations" ali pa mndandanda wa ntchito za thupi, pamodzi ndi udani, ndewu ndi mkwiyo. Chinthu chabwino chapezeka bwanji pakati pa machimo? Kumbukirani aemulus uja, wopikisana naye. M'Chingerezi cha nthawi imeneyo emulation amatanthauzanso mpikisano wa nsanje ndi kaduka. Tanthauzo limenelo linazilala, ndipo Mabaibulo a Chingerezi chatsopano amaikapo jealousy pa vesi lomwelo. Musatenge tanthauzo la zaka 400 zapitazo n'kulowa nalo m'kalata ya lero.

Pa kompyuta ndi m'mabuku a sayansi

Amene amaphunzira za makompyuta amakumana ndi emulator, pulogalamu yomwe imachititsa makina ena kugwira ntchito ngati makina a mtundu wina. BlueStacks, mwachitsanzo, imalola kuti mapulogalamu a foni ya Android ayende pa kompyuta. Apa palibe kusirira kulikonse, makina sasirira. Chomwe chatsala ndi mbali ina ija ya tanthauzo: m'kati mwake zinthu zikuyenda mosiyana, koma zotsatira zake n'zofanana. Pa nkhani imeneyi mawu ndi emulate basi, simungawasinthe ndi imitate.

Akatswiri ofufuza kaphunziridwe ka ana ndi nyama nawonso amasiyanitsa mawu awiriwa mwa njira yomweyi, ndipo kafukufuku wina amaonetsa kusiyanaku bwino kuposa mtanthauziramawu aliyense. M'chaka cha 2005 Victoria Horner ndi Andrew Whiten anafalitsa zomwe anapeza atayesa ana aang'ono komanso anyani a mtundu wa chimpanzi a pa chilumba cha Ngamba ku Uganda. Anapanga kabokosi kokhala ndi mphotho m'kati. Munthu amaonetsa katsekulidwe kake: amayamba wachotsa chotsekera cha pamwamba, n'kulowetsa kamtengo pa bowo la pamwambapo, kenako n'kutsekula kachitseko ka kutsogolo n'kutulutsa mphothoyo. Bokosi likakhala losaonekera m'kati, ana ndi anyani omwe amatsatira zonse momwe aonera. Koma atawapatsa bokosi loonekera m'kati, zinaonekeratu kuti bowo la pamwamba lija silifika pomwe pali mphotho. Anyani anasiya za pamwambazo n'kulunjika pa kachitseko. Ana a anthu anapitiriza kuchita zonse, ngakhale zopanda ntchito zomwe. Ofufuzawo amati anawo anachita imitate, chifukwa anatsata kachitidwe konse, pomwe anyani anachita emulate, chifukwa anangofuna zotsatira n'kudzipezera njira yachidule. Mukaiwala zina zonse za m'nkhani ino, kabokosi kameneka kakukumbutsani mneni amene amatsata njira ndi amene amatsata mathero.

Nthawi zina onse awiri si oyenera

Pena mumavutika kusankha pakati pa awiriwa chifukwa yankho lili kwa wachitatu. Mnyamata uja woseketsa anzake ndi mawu a aphunzitsi, imitate akhoza kukwana, koma mneni womugwira bwino ndi mimic. Mimic ndi kutsanzira ndendende mawu kapena kachitidwe, kawirikawiri pofuna kuseketsa kapena kunyogodola. Samalani kalembedwe kake: pamalowa k, ndiye timalemba mimicked ndi mimicking, osati "mimiced."

Mimic ndi amenenso amagwira ntchito pa zachilengedwe. Nthengu, mbalame yakuda ya mchira wa mphanda ija, ndi katswiri pa zimenezi. Ofufuza a ku chipululu cha Kalahari anaona kuti imatha kulira kulira kwa chenjezo kwa mbalame zina ndi kwa tinyama totchedwa meerkat. Eni chakudya akathawa poganiza kuti kwabwera mdani, iyo imatsika n'kutola chomwe asiya. Chingerezi chimati "the drongo mimics alarm calls." Ophunzira unamwino ndi udokotala akumananso naye m'mabuku awo, m'ziganizo ngati "typhoid can mimic malaria," kutanthauza kuti zizindikiro za matenda ena zimatha kufanana ndi za malungo mpaka kusokoneza woyeza. Matenda sachita emulate.

Palinso impersonate, kudziyesa munthu wina kuti anthu akhulupirire kuti ndiwedi iyeyo. Wovala yunifolomu ya apolisi pomwe si wapolisi, kapena wolowa m'chipinda cha mayeso kukalembera mnzake, akuchita impersonate, ndipo umenewo ndi mlandu. Mukalemba lipoti la nkhani yotere n'kuika imitate, mwaupeputsa mlanduwo.

Za kalembedwe ndi katchulidwe sizichedwa. Imitate ali ndi m mmodzi, "immitate" ndi cholakwa. Aneni onse awiri mphamvu ya mawu imagwera pa phatikizo loyamba. Emulate ali ndi kamvekedwe ka "yu" pakati, ngati "emyu," ndipo akatchulidwa mothamanga ndi lilime lathu amatha kumveka ngati mnzakeyo, choncho poyankhula pagulu tsekulani e woyambayo bwinobwino.

Ngati cholakwacho chikubwererabe

Kuwerenga tanthauzo kamodzi sikuchotsa chizolowezi cha zaka. Tengani zimangirizo kapena makalata anu akale, fufuzani paliponse pomwe munalemba mmodzi mwa aneniwa, ndipo pa chiganizo chilichonse yesani kayesedwe kaja ka "kuti afike pomwe iye anafika." Aphunzitsi, m'malo mongodula mawu ndi cholembera chofiira n'kulemba olondola pamwamba, mufunseni mwanayo kuti, "Iwe, pamenepa umafuna kunena kuti akuchita ngati iyeyo, kapena akufuna adzakhale ngati iyeyo?" Mwana amayankha molondola m'Chichewa nthawi yomweyo, chifukwa kusiyanako amakudziwa kale, chomwe chimamusowa ndi kudziwa kuti Chingerezi chili ndi mneni wa mbali iliyonse.

Mukamawerenga nyuzi kapena buku la Chingerezi n'kukumana ndi mmodzi mwa aneniwa, lembani chiganizo chonsecho m'kope, osati mneni yekha. Pakapita nthawi muona nokha kuti emulate akuyenda ndi success, achievement ndi hero, pomwe imitate akuyenda ndi voice, style ndi sound.

Ndipo mukakhala m'chipinda cha mayeso kapena pa intavyu, nthawi ikutha, mutu wakana kusankha, pali pothawira posalakwika. Pa tanthauzo la kusirira nenani kuti "follow the example of" kapena "be like": "I want to follow the example of my uncle, who is a doctor." Pa tanthauzo la kuchita monga wina akuchitira, copy amakwana pafupifupi paliponse: "The boy copied the teacher's voice and the class laughed."